Kodi Kukoka Mau ndi Chidodo?

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira ndi Mangochi mpaka ku Salima ndi Nkhotakota. Ife tikulemba kuchokera ku Phalombe, kuseri kwa phiri la Mulanje, kumene Asilamu ndife owerengeka. Ulendo uno tabwera ndi nkhani ya mau awiri amene tonse timawadziwa koma timawatchula mosalingalira. Mauwo ndi akuti "kukoka mau".

Munthu akamalankhula pang'onopang'ono, natalikitsa liu lililonse ngati kuti akumva chisoni kulisiya, timati akukoka mau, kapena kuti amalankhula mokoka. Tcherani khutu pamsika, pachitsime ngakhalenso pakhonde la mzikiti, ndipo mudzamva kuti kawirikawiri mauwa amatuluka pamodzi ndi kuseka. "Mkulu uja amakoka mau. Ukampatsa moni m'mawa, adzamaliza kuyankha dzuwa lili paliwombo." Ena amaonjeza kuti ngwachidodo, ndipo ena amafika ponena kuti mutu wake sugwira msanga. Potero mau amene ntchito yake n'kungofotokoza kalankhulidwe asanduka sikelo yoyezera nzeru za munthu.

Ife tidaleredwa ndi anthu okoka mau, ndipo pakhomo pathu kukokaku kudafikapo pokhala nkhani ya moyo ndi imfa. N'chifukwa chake tikupempha kuti mutilole tiwasanthule mauwa pamodzi nanu, tione kumene adachokera, zimene amatanthauza, ndi zimene banja limataya likawasandutsa chipongwe chokhachokha.

KUKOKA KUDAYAMBIRA M'MANJA

Kukoka ndi ntchito ya manja isanakhale ya pakamwa. Timakoka chingwe pachitsime, ng'ombe zimakoka ngolo, ndipo mwana amakoka nsalu ya mai ake akafuna kuyamwa. Koma pa nkhani ya kukoka aphunzitsi ndinu a kunyanja, pakuti khoka, monga dzina lake likunenera, ndi ukonde wokokedwa. Nafenso tili ndi kanyanja kathu ka Chilwa kumpoto kwa boma lino, ka matemba, makumba ndi milamba, ngakhale kali ndi chizolowezi chouma monga kadachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Kumeneko ndiko tidaonera makoka.

Palibe msodzi amene amakoka khoka chothamanga. Anthu amagawana zingwe ziwiri, natsamira chambuyo, phazi ndi phazi, ndipo wofika kumapeto amabwerera kukagwiranso kutsogolo. Mbali imodzi ikapupuluma, khoka limapendekeka ndipo nsomba zimapeza pothawira. Chingwe sichiyenera kukhwefuka, komanso sichifuna kuchidzidzimutsa. Ntchito yake ndi yochedwa, koma siima mpaka nsomba zitafika pamtunda.

Amene adayamba kunena kuti munthu akukoka mau adaonetsetsa. Wokoka mau salekera panjira. Liu limakhala m'manja mwake mpaka alifikitse kumtunda. Pamenepa asiyana ndi wachibwibwi, amene liu limamkanirira pakamwa nabwereza chiyambi chake kangapo. Asiyananso ndi wododoma, amene amaima chifukwa sadziwa chonena, ndiponso ndi wozengereza, amene safuna n'komwe kuyamba. Anthu anayi onsewa timawaika m'dengu limodzi, chonsecho aliyense ali ndi nkhani yakeyake, ndipo wokoka uja mwina alibe vuto n'komwe.

N'zoona kuti mneni yemweyu ali ndi nkhope ina. Timati wantchito akukoka miyendo, kapena kuti wina akuukoka dala mlandu kuti odandaula atope. Pamenepo kukoka ndi kuchedwetsa zinthu mwaulesi kapena mwachinyengo. Tsoka lake n'lakuti tikangomva za kukoka mau, maganizo athu amathamangira ku miyendo ija, n'kuiwala khoka.

TONSEFE TIMAKOKA

Woseka mnzake kuti amakoka ayambe wadzimvera yekha. Chichewa chili ndi lamulo limene palibe adatiphunzitsa koma tonse timalitsata: munthu akafika popumira kapena pamathero a chiganizo, phatikizo loyandikana ndi lomaliza limatalika. Nenani mokweza kuti "Ndagula", ndipo mudzamva kuti pakamwa patuluka "ndaguula". Tsopano nenani kuti "Ndagula nsomba". Kugula kuja kwafupika, ndipo kutalika kwasamukira pa "nsoomba". Polemba sitionetsa zimenezi, koma akatswiri a zinenero, monga Pulofesa Al Mtenje amene adaphunzitsa zaka zambiri ku Chancellor College ku Zomba, adazifufuza nazilemba. Mlendo amene waphunzira Chichewa m'buku amadziwika msanga chifukwa maphatikizo ake onse amalingana msinkhu ngati timitengo ta machesi.

Kupatula lamuloli, pali kukoka kumene timachita dala kuti mau anyamule katundu woonjezera. Mukatsika basi pa Migowi n'kufunsa mudzi wina, wokulozerani akati "ndi uko", yendani wapansi. Akati "ndi ukooo", mlomo utaloza cha ku Mozambique, funani njinga. "Kale" ndi dzana kapena chaka chatha, koma "kaleee" ndi nthawi ya makolo. Mlendo woima pabwalo amati "Odiii" kuti liu lifike kuseri kwa nyumba, ndipo wogulitsa nsomba panjinga akadamangoti "matemba" mwachidule bwenzi akubwerera nawo. Mai akayankha bambo kuti "chabwino", nkhani yatha. Akati "chabwinooo", bambo wanzeru amadziwa kuti nkhaniyo sinayambe n'komwe. Pamaliro palibe amene amanena "pepani" ngati kondakitala woitanira "Limbe-Limbe-Limbe". Timalikoka liulo, pakuti kutalika kwake ndiko kumasonyeza kuti takhala pansi pamodzi ndi anamfedwa.

Kumbukiraninso nthano za madzulo. Wosimba akati "Padangokhalaaa", amasiya mchira wa liulo ukulendewera mpaka ana onse, ngakhale uja amasewera ndi moto, atayankha kuti "Tili tonse". Mchira umenewo ndi chingwe chokokera ana m'nthano. Chotero kukoka ndi chida cha chinenero chathu, monga kulili kukweza ndi kutsitsa mau. Kusiyana kwa ife ndi uja timamseka n'kwa muyeso chabe.

ZIMENE MWANA WA KU MADRASA AMADZIWA

M'zinenero zina kukoka kumasintha tanthauzo lenileni la liu. Inu olankhula Chiyao mukudziwa kuti "kusoma" kwachidule ndi kubaya, pamene "kusooma" kokoka ndi kuwerenga. Chiarabu chili chimodzimodzi. "Jamal" ndi ngamira, koma "jamaal" ndi kukongola, ndipo wofuna kuyamikira mkwatibwi asamale kuti asafulumire pa liu limeneli.

Mwana aliyense amene adakhalapo pamkeka wa madrasa amadziwa liu loti madd, limene tanthauzo lake ndi kutalikitsa kapena kutambasula. Amadziwa malembo ake atatu, alifu, wawu ndi ya. Amadziwa kuti madd wamba amakokedwa miyeso 2, kuti pali ena a miyeso 4 kapena 5, ndi kuti wautali koposa ndi wa miyeso 6, ndipo mwalimu amawerenga miyesoyo popinda zala. Wofupikitsa amabwezedwa, wopitirira muyeso amabwezedwanso. Ndime ya 4 ya Surat al-Muzzammil imalamula kuwerenga Qur'an modekha, liu lililonse likumveka palokha, ndipo kuwerenga kotero kumatchedwa tartil. Shehe Mahmoud Khalil al-Husary wa ku Egypt, amene mu 1961 adakhala woyamba kujambulitsa Qur'an yonse m'kawerengedwe ka murattal, aphunzitsi a maiko ambiri amamtenga ngati chitsanzo kaamba ka kusapupuluma kwake ndi kusunga muyeso pa liu lililonse.

Za kalankhulidwe ka tsiku ndi tsiku, mai Aisha, Mulungu asangalale nawo, adasimba kuti Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, sankathamangitsa mau, kotero kuti wofuna kuwawerenga limodzilimodzi akadatha kutero. Anas bin Malik naye adanena kuti mau ofunika ankawabwereza katatu kuti amveke. Ndipo kasanu patsiku timamva phunziro lomweli. Azana amaikoka chifukwa ikuitana wakutali, amene ali kumunda kapena m'bwato, pamene iqama imanenedwa mofulumirirapo chifukwa oitanidwa afika kale. Munthu ndi yemweyo, mau ndi pafupifupi omwewo, koma liwiro limasintha malinga ndi kumene womvera ali.

Tsono taonani zodabwitsa. Masana mwana amabwezedwa ndi mwalimu chifukwa sadakoke mokwanira, ndipo madzulo mwana yemweyo amaseka agogo ake chifukwa chokoka. Wina ayenera kumuuza kuti khutu limene akulinola ku madrasa alibweretsenso kunyumba.

CHIPSERA CHA KUSEKEDWA

Kuno ku Phalombe nkhani yosekana kalankhulidwe ili ndi chipsera. Boma lino lidapatuka ku Mulanje mu 1998, ndipo kalembera wa 2018 adapezamo anthu oposa 400,000, ambiri mwa iwo Alomwe. Makolo a anthu amenewa adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, makamaka kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pothawa nkhondo, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndiponso njala. Ambiri adagwira ntchito m'minda ya azungu ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Anthu adawapatsa dzina loti Anguru, limene eni ake ankalimva ngati chitonzo, mpaka Lewis Bandawe adayambitsa bungwe loimira Alomwe mu 1943, limene lidapempha boma la atsamunda kuti dzinalo lileke, ndipo boma lidavomera.

Dzina lidasintha m'mabuku, koma kuseka kudatsala. M'mitundu ina ya Chilomwe maliu monga "b", "d" ndi "g" sapezeka kawirikawiri, ndipo munthu amene adayamwa Chilomwe chotero akamalankhula Chichewa amayenda mosamala ngati wowoloka mtsinje pamiyala. Amachedwa pofuna kuponda mwala woyenera. Akafulumira n'kuterereka amasekedwa, akachedwa amasekedwanso kuti akukoka. Chichewa chitakhazikitsidwa kukhala chinenero cha dziko lonse mu 1968, mwana wa kuno adayamba kuyezedwa ndi kalankhulidwe ka pa wailesi ndi ka m'kalasi. Makolo ambiri adaona kuti njira yotetezera ana awo ndiyo kuwaleka osawaphunzitsa chinenero cha makolo.

Zotsatira zake zili m'mabuku a kalembera. Mu 1998, mwa anthu 100 alionse m'Malawi, osakwana 3 ndiwo ankalankhula Chilomwe pakhomo, chonsecho kalembera wa 2018 adaonetsa kuti pafupifupi 19 mwa 100 alionse ndi Alomwe. Wailesi ya MBC idayamba kuulutsa nkhani m'Chilomwe ndi m'Chiyao utabwera ulamuliro wa zipani zambiri, ndipo Mulhako wa Alhomwe, umene udakhazikitsidwa mu 2007, umasonkhana pa Chonde ku Mulanje pofuna kudzutsa chikhalidwe ndi chinenerocho. Koma chimene chidatayika ndi kuseka kwa zaka zambiri sichibwerera ndi gule wa tsiku limodzi. Nanunso a kunyanja mukuwadziwa ana amene amapita kusukulu za m'tauni akulankhula Chiyao, nabwerako akuchichita manyazi.

Kusekaku sikudathe. Mtsikana wina wa m'mudzi mwathu, amene adaleredwa ndi agogo ake natengera kalankhulidwe kawo, adasankhidwa kupita kusekondale yogonera komweko. Sabata yoyamba adakweza dzanja nayankha funso molondola, koma anzake adayamba kumuyeseza, ndipo dzina lake lidasanduka liu lomwe adalikoka tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo sadakwezenso dzanja. Pamapepala a mayeso ankakhoza bwino, koma aphunzitsi adalemba kuti ndi mwana wosachangamuka. Pobwera kutchuthi anali atasiya kucheza ndi agogo ake, poopa kuti angatengerenso.

Atsibweni athu, mwini mbumba yathu, ankalankhula Chilomwe, Chichewa ndi Chiyao chimene adatola pa malonda a nsomba ku Chilwa, kuonjezapo Chipwitikizi chogulira ndi kugulitsira kutsidya kwa malire. Achinyamata odziwa chinenero chimodzi ndi theka ankawatcha achidodo.

POZIMIRA MOTO

Atsibweni omwewo ndiwo ankaitanidwa banja likagwedezeka. Tidawaonapo pa unkhoswe, mwamuna ndi mkazi atafufuma ndi mkwiyo, aliyense mau ali pakhosi. Iwo ankayamba ndi kukhosomola pang'ono, kenaka n'kuti: "Ifeee... tamva. Tamva mbali yanu bambooo... tamvanso mbali yanu mai." Pofika kumapeto a chiganizo chachitatu mapewa a anthu amakhala atatsika. Ongoonerera ankati akutaya nthawi, koma nthawiyo ndiyo idali mankhwala. Munthu wokoka mau amakhala ndi mpata woliona liu lisanatuluke, ndipo likakhala lakuthwa amalibweza nasankha lina. Womvera naye amapeza mpata wopuma. Akale adati akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto ukafika m'dambo umafooka pang'onopang'ono ndi chinyezi. Ndi mabanja angati amene adapasuka ndi talaka yotuluka pakamwa mwaliwiro, mwini wake n'kumafuna kuibweza m'mawa mwake?

Zoti kukoka kwawo kudali kosankha tidaziona m'mwezi wa Marichi 1991, pamene Napolo adatsika m'phiri la Michesi, madzi, matope ndi miyala zikukokolola midzi, milatho ndi anthu mazanamazana. Tsiku limenelo atsibweni sadakoke liu ndi limodzi lomwe. "Tulukani! Ana kumsana! Kumtunda!" Patapita masiku, posimba za amene adapita ndi madzi, mau awo adabwerera m'malo mwake, natalika kuposa kale. Zomwezo tidazimvanso kwa opulumuka namondwe wa Freddy mu Marichi 2023. Pothawa adafuula mwachidule, koma posimba amakoka, chifukwa dzina la mwana amene sadapezeke silitchulika mothamanga.

Sitikunena kuti kukoka konse n'kwabwino. Mwana akatumidwa nayankha kuti "ndamvaaa", chimenecho ndi chipongwe ndipo adzudzulidwe. Wangongole amene amakoka moni kuti mwini ndalama aiwale chimene wadzera akuchita ukathyali. Pali kukoka kwa chidakwa, kumene lilime limalemera chifukwa mutu wasokonezeka, ndipo pali wolankhula pamsonkhano amene amakoka pongofuna kumva kukoma kwa liu lake anthu akuwodzera. Zonsezi timazitcha ndi mneni mmodzi. Ntchito yozisiyanitsa ndi ya khutu, ndipo khutu limaphunzira mwini wake akamakhala pansi.

MAYUNITSI AKUTHA

Masiku ano chimene chikutilanda mpata wokhala pansi ndi foni. Ana athu ali ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg. Akaimba, moni wa agogo, amene amayamba ndi thanzi la munthu napita ku ana, ku mvula, ku nandolo ndi ku mbuzi, amadulidwa pakati: "Anganga, nenani msanga, mayunitsi akutha." Nkhalamba sichedwa kuphunzira. Ulendo wotsatira imangoti "tili bwino", ndipo zimene zikadatuluka pa chiganizo chachisanu, zoti mwendo ukuchita dzanzi kapena kuti ufa watsala wa masiku awiri, zimatsalira mumtima.

Kuyambira mu 2021 WhatsApp idaika kabatani kothamangitsira uthenga wa mau, kuti womvera aumve pa liwiro lowirikiza kawiri. Taona achinyamata akumvera makolo awo motero, mau a gogo wa zaka 80 akulira ngati a timba. Uthenga umamveka ndithu, koma kutopa, chisoni ndi kudwala, zimene zimabisala m'kakokedwe ka mau, zimafufutika. Womvera amadziwa zimene zanenedwa osadziwa m'mene wonenayo alili.

KUKOKA KUMENE SIKUDIKIRA KUCHA

Apa ndipo pali nkhani ya moyo ndi imfa ija. Mai athu otibala, amene adzukulu amawatcha anganga, akhala akukoka mau moyo wawo wonse. Chaka china, nyengo ya nandolo, pakhomo padabwera alendo a m'tauni kudzacheza. Chakumasana anganga adayamba kulankhula mochedwa kuposa masiku onse. Alendowo adangomwetulira, nati ukalamba ndi umenewu, ndipo paja ndi m'mene amalankhulira. Koma padali mwana wa mlongo wathu, mtsikana wa zaka 12, amene ankagona m'nyumba mwa agogo akewo nasenda nawo nandolo tsiku ndi tsiku. Mwanayo adathamangira kudimba kumene tidali.

"Atsibweni, tiyeni kunyumba msanga. Anganga sakulankhula bwino."

"Sakulankhula bwino motani, mwanawe?"

"Masiku onse amakoka mau ndi iwo. Lero mau ndiwo akuwakoka."

Titafika tidapeza kuti mbali imodzi ya pakamwa yagwa, malovu akutuluka, ndipo dzanja lamanja silikugwira chikho. Tidawakweza panjinga yamoto, wina atawagwirira kumbuyo, mpaka kuchipatala. Adokotala adati ndi sitiroko, nthenda imene ambiri timaitcha kufa ziwalo, imene imadza pamene mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika. Adapezanso kuti magazi awo ankathamanga kwambiri. Adawasamalira, natiphunzitsa kadyetsedwe ndi kamwetsedwe koti asatsamwe, ndiponso mafizo a dzanja ndi mwendo. Alhamdulillah, ali moyo, amayenda ndi ndodo, ndipo mau awo ambiri adabwerera.

Tikupempha kuti banja lililonse lisunge zizindikiro izi. Munthu akayamba mwadzidzidzi kukoka mau, kulemera lilime kapena kusokoneza mau amene amawadziwa, pakamwa pakakhotera mbali imodzi, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka, musadikire kuti kuche. Muuzeni amwetulire, akweze manja onse awiri, ndipo abwereze chiganizo chachifupi. Chimodzi mwa izi chikakanika, ulendo wa kuchipatala uyambike nthawi yomweyo, pakuti ola lililonse lotayika limaononga ubongo. Musamthire madzi kapena phala m'kamwa ngati akulephera kumeza. Duwa ichitike muli panjira. Ngakhale zizindikirozo zitatha zokha patapita mphindi zochepa, pitanibe, chifukwa likhoza kukhala chenjezo la chachikulu chimene chikudza.

Dziwaninso kuti wodwala shuga amene amamwa mankhwala kapena kubaya jakisoni angayambe kukoka mau, kutuluka thukuta ndi kunjenjemera shuga akatsika kwambiri m'thupi, makamaka akamasala m'mwezi wa Ramadhani. Ameneyo, ngati akutha kumeza, apatsidwe chotsekemera msanga ndipo akaonedwe ndi achipatala. Akulu onse a pakhomo aziyezetsa kuthamanga kwa magazi ngakhale asakumva kupweteka paliponse, pakuti nthendayi imabwera mwakachetechete.

Mtsikana uja sadaphunzire za udokotala. Chimene adali nacho ndi muyeso wa mau a agogo ake m'khutu mwake, monga mwalimu amasungira miyeso ya madd. Adaupeza pokhala nawo pamphasa miyezi ndi miyezi osawadula pakamwa. Alendo aja sadali anthu oipa, koma adalibe poyerekezera. Kwa iwo kukoka konse kudali kumodzi.

TIYESE IZI PAKHOMO

Abale ndi alongo, mau oti "amakoka mau" tisawataye, pakuti ndi Chichewa chabwino ndipo amajambula bwino chimene amanena. Koma tikawatchula tizidzifunsanso kuti munthuyo akukokeranji. Mwina akupereka ulemu, mwina akuwoloka kuchokera ku chinenero cha mai ake, mwina akuzima moto, mwina ali ndi chisoni, mwinanso wadwala. Mwana wathu akamasekedwa kusukulu chifukwa cha kalankhulidwe ka kwawo, timuuze mbiri ya kalankhulidweko asanayambe kudana ndi pakamwa pake. Mphunzitsi ndi mwalimu apatse wolankhula mochedwa nthawi yomaliza yankho lake, ndipo pamsonkhano wa banja wopepuka pakamwa asamalizire mnzake chiganizo.

Amene muli kutali, patulani tsiku limodzi pa sabata loimba foni yopanda "nenani msanga", ndipo uthenga wa makolo muziumvera pa liwiro limene eni ake adaunenera. Amene muli pafupi, tumani ana kuti azikakhala ndi agogo awo madzulo, akasende nawo nandolo kapena akasoke nawo ukonde. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mulungu atipatse makutu oleza, ndipo asunge akulu athu ndi thanzi.